Wetsuit ya kaunjika imene ndinapita nayo ku Elands Bay

Ndinaigula ma rand 1,900 m'kasitolo kena ka ku Muizenberg, kuseri kwa Surfers Corner, komwe amagulitsa katundu wa anthu okwera mafunde amene eni ake anatopa naye. Kwathu tikanangoti kaunjika, kungoti kuno saunjika pansi, amapachika pa mahang'ala n'kulembapo mtengo ndi choko pakabolodi. Wetsuit imeneyi, chovala chothina cha labala chimene okwera mafunde amavala m'madzi ozizira, inali yakuda bii, ya 4/3, zipi yake ili pachifuwa, ndipo pa bondo lamanzere panali kachigamba kokula ngati chitsekerero cha botolo. Dzina la kampani imene inaisoka sinditchula, chifukwa zina zimene ndidandaule pano mwina ndi za ukalamba wa chovalacho, osati za amene anachipanga. Zatsopano za mtundu womwewo zinali zitapachikidwa pakhoma lina, mitengo yake yoposa kawiri, ndipo sindinaziyandikire n'komwe.

Ine ndine wa ku Senga Bay. Bambo anga anali msodzi, ndipo kusambira ndinaphunzira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ku Cape Town ndakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti, ndipo Lolemba ndi tsiku langa lopuma. Tsiku limeneli ndi limene linandiloŵetsa m'masewera okwera mafunde. Ndinkakwera sitima kupita ku Muizenberg kukangoona nyanja, kenako tsiku lina ndinabwereka bolodi ndi wetsuit kwa ola limodzi, basi matenda anandigwira pomwepo. Kwa zaka ziwiri ndinkavala za hayala, zija zotakasuka m'khosi, zonunkha munthu amene wangovula kumene. Ku Muizenberg zimakwanira chifukwa madzi a False Bay, mbali ya nyanja imene kuli Muizenberg, amakhala ofundirapo nthawi yotentha. Koma mtima unali kumpoto, ku gombe la kumadzulo, kumene anzanga a m'madzi ankati kuli funde lalitali lopita kumanzere pa kamudzi kotchedwa Elands Bay. Onse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: usapiteko ndi chovala cha hayala.

Manambala a 4/3 aja akutanthauza kukhuthala kwa labala wake, amene amamutcha neoprene: mamilimita 4 pachifuwa ndi kumsana, mamilimita 3 m'manja ndi m'miyendo kuti munthu azitha kupalasa. Bambo wa m'sitolomo, mzungu wachikulire wa khungu lopserera ndi dzuwa, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunditsitsira ziwiri. Yoyamba inaloŵa bwinobwino ngati ovolosi, ndinasangalala. Iye anangopukusa mutu, n'kuloŵetsa chala m'khosi mwanga, n'kutsina chikwinya chimene chinatsala kumsana. Anati imeneyi ndi chidebe, madzi azidzaloŵa ndi kutuluka mmene akufunira. Yachiwiri ndi imene ndinalimbana nayo m'kachipinda kosinthira kwa mphindi zoposa khumi, thukuta lili kamukamu, dzanja limodzi litakanirira kumsana ngati mbuzi yomangidwa yopita kumsika. Ya zipi ya pachifuwa umaloŵera pakhosi, thupi lonse kudutsa pakabowo kamene ukakaona ungalumbire kuti ngakhale mwana sangadutse. Nditatuluka ndikupuma mwaŵefuŵefu, iye anati imeneyo ndiye yako.

Anali kunena zoona, ndipo chimenechi ndi chinthu chachikulu chimene ndaphunzira pa chovala ichi. Anthu ambiri amati wetsuit imakutenthetsa ndi timadzi timene timaloŵa n'kufunda pathupi. Si timadzito ayi. Labala uja mkati mwake muli timathovu ta mpweya tosaŵerengeka, ndipo timeneti ndi timene timatchinga kutentha kwa thupi kuti kusathawire m'nyanja. Timadzi toloŵa tija thupi limangotipirira, limatifunditsa kamodzi n'kuiŵala. Koma chovala chikakhala chotakasuka, madzi ofundawo amatuluka, ozizira n'kuloŵa, thupi n'kuyambiranso ntchito, mpaka nkhuni zimatha. Ndiye ya mamilimita 5 yokukhwepa imagonja kwa ya 4 yokugwira bwino. Misoko ya yangayi ndi yomata ndi guluu kenako n'kusokedwa mosaboola mbali yachiwiri, kotero singano sinasiye njira ya madzi. Zotchipa zambiri zimasokedwa moboola, ndipo zimenezo ndi za madzi ofunda.

Potuluka anandiuza kuti nditengenso mabuti a labala, ma rand 450. Ndinaŵerenga m'mutu ndalama ya ulendo, ndalama yotumiza kumudzi, ndinati mapazi anga anakulira pa mchenga wotentha wa ku Salima ndi pa miyala ya pa Namalenje, alibe vuto. Iye anangoseka pang'ono n'kundipatsa chenje.

Tinanyamuka kumayambiriro kwa Marichi, chipwirikiti cha alendo chitachepa kuntchito. Ndinali ndi mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya ulonda, munthu woti m'nyanja yamchere saloŵamo ngakhale mutamulipira, koma amakonda ulendo ndi mbedza. Tinapeza lifiti ya bakkie (pikapu) yopita ku Velddrif, kutsata msewu wa R27, ife kumbuyo ndi zikwama ziwiri ndi bolodi yanga ya mafiti 7. M'chikwama changa munali tenti, chofunda, kasitovu ka gasi, kapoto, ufa makilogalamu awiri, mthiko wodula pakati kuti ukwane, ndi wetsuit yopindidwa pamwamba. Ili youma siyolemera kwenikweni, koma imadya malo ngati bulangete. Ku Velddrif tinagula bokkoms, nsomba zimene amazithira mchere n'kuziumika pamphepo zitamangidwa m'mitolo, m'mbali mwa mtsinje wa Berg. Mnzangayo atalaŵa anati, “Amwene, awa anafuna kuumika nsomba kapena kusunga mchere?” Komabe ndi zimene zinali ndiwo zathu masiku asanu, titaziviika kaye m'madzi, n'kuzikazinga ndi tomato ndi anyezi. Kuchokera pamenepo galimoto ina inatitenga kudutsa Dwarskersbos mpaka kukafika.

Elands Bay ili pa mtunda wa makilomita 200 ndi kanthu kuchokera ku Cape Town. Ndi kamudzi kochepa, hotela imodzi yakale, timasitolo toŵerengeka, nyumba za asodzi, ndi phiri lathyathyathya pamwamba lotchedwa Baboon Point limene limaloŵa m'nyanja kumwera. Kumbuyo kuli dambo lalitali la Verlorenvlei lodzaza mbalame ndi bango, lokhalo limene linandikumbutsa kwathu. Njanji ya sitima zonyamula miyala yachitsulo kuchokera ku Sishen kupita ku Saldanha imadutsa pomwepo, n'kuloŵa m'phanga loboola phirilo. Njanjiyo ndi ya makilomita 861, ndipo sitima imodzi imatalika pafupifupi makilomita 4. Usiku woyamba m'tenti tinadzidzimuka tonse, nthaka ikunjenjemera, mnzanga akuŵerenga mabogi mumdima mpaka tulo tinamulanda asanamalize.

M'maŵa kunacha bwino, ndipo pofika cha m'ma 10 dzuwa linali loŵaula. Apa m'pamene gombe limeneli limapusitsa mlendo. Kumtunda mchenga ukuotcha mapazi, nkhosa zabisala pansi pa zitsamba, iwe mkati mwa labala wakuda ukuphikika ngati mbatata. Ndinathamangira kumadzi kuti ndikapole. Madzi atangondikhudza mu akakolo ndinaima njii. Sikunali kuzizira kumene ndimakudziwa. Kunali ngati wina wandimenya ndi chitsulo pa mafupa a mapazi. Mnyamata wina amene ankatuluka anandionetsa wotchi yake ya m'madzi, inkaonetsa madigiri 12. Nyanja ya kwathu, ngakhale mu Julaye anthu atavala majuzi, madzi ake apamwamba amakhala pamwamba pa madigiri 20.

Chochititsa chake ndi mphepo, ndipo nditamva kufotokoza kwake ndinakumbuka bambo anga. M'miyezi yotentha kuno kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'maŵa. Imakankhira madzi apamwamba, amene dzuwa lawafunditsa, kutali ndi gombe, ndipo m'malo mwake mumakwera madzi a pansi penipeni a mtsinje wozizira wa m'nyanja wotchedwa Benguela. Choncho nthawi imene kumtunda kukutentha kwambiri ndi imenenso madzi amazizira kwambiri. Kwathu mwera umachitanso zofanana ndi zimenezi kumwera kwa nyanja, umatembenuza madzi, ndipo asodzi amadziwa kuti madzi akazizira chotere chakudya cha nsomba chakwera. Kunonso ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake gombe louma ngati chipululu lili ndi nsomba, akatumbu a m'nyanja (ma seal) ndi mbalame zochuluka chonchi. Mphepo yomweyo ndi imenenso imasalaza funde la pa Elands Bay, chifukwa imaomba kuchokera kumtunda. Ukafuna funde labwino, uvomere madzi oŵaŵa.

Tsono apa ndiyamikire chovalacho, chifukwa chinagwira ntchito imene ndinachigulira. Nditaloŵa mpaka m'chifuwa ndinadikira kuti madzi atsikire kumsana ngati mmene zinkachitira za hayala zija, kamtsinje kozizira kotsata fupa la msana. Sanabwere. Ndinamva timadzi pang'ono tikukwera kuchokera m'manja ndi mu akakolo, kenako zii, basi. Funde loyamba litandiphwanyikira pamutu n'kundigubuduza, khosi linagwira, zipi ya pachifuwa sinalole kanthu. Ndinakhala m'madzimo ola limodzi ndi theka, pachifuwa ndi pamimba pali pofunda ngati ndili pafupi ndi mbaula. Mapewa sanatope msanga, ngakhale labala wa chovala chakale amakhala atayamba kuuma poyerekeza ndi watsopano. Kwa munthu amene anagula kaunjika, ndinadzimva kuti ndaba.

Zimene sizinaphimbidwe ndi zimene zinalira. Mutu ukaloŵa pansi pa funde umaŵaŵa pamphumi ngati wameza madzi oundana mofulumira, ndipo makutu amalira. Anthu amene akhala zaka zambiri m'madzi ozizira fupa limawamerera m'kati mwa khutu mpaka kabowo kumachepa, ena amachita kukapala kuchipatala, n'chifukwa chake ambiri kumeneko amavala zotseka m'makutu kapena chipewa cha labala. Zala za m'manja zinakana kugwirizana, moti ndikamapalasa madzi ankangodutsa pakati. Koma mapazi ndiwo anandichititsa manyazi. Patatha theka la ola ndinasiya kuwamva. Ndikadzuka pa bolodi zinali ngati ndaimirira pa zitsa ziwiri za munthu wina. Potuluka ndinadzera pa miyala yodzaza nkhono zakuda zakuthwa, ndikuyenda bwinobwino osamva kanthu, mpaka mnzanga amene anali pamwala ndi mbedza yake anakuwa, “Amwene, taonani kumbuyo kwanuko!” Pamchenga panali madontho ofiira psuu kutsata mapazi anga. Chidendene chamanja chinali chitang'ambika, ndipo ululu unabwera patapita mphindi makumi awiri, mapazi atayamba kufunda, unabwera ndi chiwongoladzanja. Mawu a akulu akoma akagonera. Ma rand 450 ndinawaumira, ndipo masiku otsalawo ndinaloŵa m'madzi nditakulunga phazi ndi pulasitala ndi tepi yamagetsi imene tinapempha kwa msodzi wina.

Funde lenilenilo ndi lokongola, koma si la ophunzira. Limayambira pakona pa phiri n'kumayenda kumanzere pamwamba pa miyala, lofulumira, lalitali moti amene amalidziwa amapita nalo mpaka kuoneka ngati kadontho. Ine ndimatsogoza mwendo wamanja, choncho funde lopita kumanzere ndimaliyang'ana kumaso, ndipo ndinkaganiza kuti zimenezi zindithandiza. Tsiku loyamba ndinagwira atatu okha. Eni dera amakhala pamwamba penipeni pomwe funde limayambira, ndipo mlendo wanzeru amakhala chakumunsi n'kumatola zotsala, monga pa phwando la eni ake. Pansi pali nkhalango ya kelp, zomera za m'nyanja zokhala ndi thunthu ngati nsungwi ndi mutu woyandama. Madzi akaphwera mitu imeneyi imatulukira, imakola chingwe cha pamwendo, imagwira chipsepse cha bolodi iwe n'kuuluka wekha kutsogolo. Koyamba kundikhudza mwendo ndili pansi pa madzi ndinaitana amayi. Ubwino wake, mawondo a chovalachi ali ndi chikopa chokhuthala, ndipo kukhwekhwereza konse pa kelp ndi pa miyala sikunaboole, kupatula pa kachigamba kaja, kamene ndikafikako.

Vuto lenileni la wetsuit iyi kwa munthu wa chikwama kumsana limayamba ukatuluka m'madzi. Siuma. Ndinkaitsuka m'chidebe ndi madzi apampopi ochepa, poti dera limeneli madzi ndi osoŵa ndipo amene tinaona chilala cha 2018 ku Cape Town sitisewera nawo. Ndinkaitembenuza, n'kuipachika yopinda pakati pa chingwe cha tenti, pamthunzi, chifukwa dzuwa limaumitsa labala mpaka kumasweka, ndipo kuipachika pamapewa kumaitalikitsa. Koma gombe la kumadzulo usiku limagwa nkhungu yochokera kunyanja, yonyowetsa chilichonse ngati mvula yowaza. M'maŵa ndinkaipeza yonyowa kuposa mmene ndinaisiyira, yozizira ngati nsomba ya mufiliji. Zovala zatsopano zodula zina zimakhala ndi ubweya wamkati wouma msanga. Yangayi ilibe, nsalu yake yamkati imasunga madzi ngati siponji.

Kuvala chinthu chimenecho 6 koloko m'maŵa, utangotuluka m'chofunda, mphepo ikuomba, ndi chilango chimene sindingafunire mdani. Labala wonyowa amamatirira pakhungu, phazi limakana kudutsa. Mayi wina wokwera mafunde amene anali ndi tenti pafupi nafe anandiona ndikudumphadumpha ndi mwendo umodzi, n'kundiponyera jumbo ya m'sitolo. Umavala jumboyo kuphazi ngati sokosi, phazi limatsetsereka mpaka kutulukira, umavula n'kuvalanso linalo, kenako manja. Nzeru ya ziii, koma inandipulumutsa sabata yonse. Ina ndinaitulukira ndekha: kufunditsa madzi pang'ono pa kasitovu n'kuwathira m'kati mwa chovalacho ndisanavale. Mnzanga ankadandaula kuti gasi wa nsima akuthera kusambitsa labala.

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuikamba. Madzi ozizira amafulumizitsa chikhodzodzo, ndipo palibe amene amapalasa kubwerera kumtunda, kuvula zonsezi, chifukwa cha mkodzo. Aliyense amakodzera momwemo, ndipo kwa kamphindi kumakhala kufunda kokoma kwambiri tsiku lonselo. Nditazindikira zimenezi ndinaganizira za mwini wake woyamba wa chovala changa, ndinakhala chete kanthawi. Ndiye ngati mwagula ya kaunjika, ichapeni kaye bwino ndi sopo wofeŵa m'madzi ozizira musanaivale, osati ndi sopo waufa wochapira zovala, osatinso m'madzi otentha chifukwa amasungunula guluu wa m'misoko.

Tsiku lachitatu khosi linayamba kupsa. Mphepete mwa kolala munali mouma chifukwa cha ukalamba, ndipo kutembenuza mutu kambirimbiri poyang'ana funde kunandisenda mzere wofiira kumbuyo kwa khosi, mchere n'kumaloŵamo. Ndinadzola Vaseline, ngakhale bambo wa m'sitolo uja anandichenjeza kuti mafuta otere sagwirizana ndi labala. Ndinasankha khosi langa. Madzulo ake mafunde atachepa tinakwera ku Baboon Point kukaona phanga limene lili ndi zojambula za anthu akale a mtundu wa San, makamaka zikhatho zofiira zambirimbiri zodindidwa pakhoma, zina zazing'ono ngati za ana. Chapafupi pali mabwinja a nyumba za asilikali amene ankalondera nyanja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tili pamwambapo tinaona ma dolphin ang'onoang'ono akusewera kuseri kwa funde. Msodzi amene anatipatsa tepi uja anatifotokozeranso za zaka zimene madzi amafiira, mpweya n'kutha m'nyanja, kreef zija zonga nkhanu zazikulu n'kumatuluka zokha kudzafera pamchenga. Zinachitika kwambiri mu 1997, zinachitikanso mu 2022. Mnzanga anafunsa ngati anthu amaloledwa kutola, atamva kuti apolisi amalondera anati dziko lino n'lovuta, ndiwo kudzipereka zokha koma boma n'kukana.

Tsiku lachinayi tinapasula tenti kuti tiyende wapansi kuloŵera ku Lambert's Bay, mtunda wosakwana makilomita 30 kumpoto, kutsata gombe ndi msewu wafumbi wa m'mbali mwa njanji. Apa m'pamene wetsuit inasanduka mdani. Yonyowa imalemera kaŵiri kapena kuposa, ndipo ndinachita kulakwitsa kuiika m'jumbo yakuda ya zinyalala n'kuiponya m'chikwama. Dzuwa linaiphika tsiku lonse. Pomwe tinaima kuti tiphike, nditamasula jumboyo, fungo linatuluka loti ngakhale bokkoms zinachita manyazi. Mnzanga anasamutsa poto n'kukakhala kumtunda kwa mphepo. Madzi ake anali atadonthera pa ufa pakona imodzi. Kuyambira pamenepo ndinkaimangirira kunja kwa chikwama ndi zingwe, yotembenuza, miyendo ikulendeŵera, moti oyendetsa galimoto ankachepetsa liŵiro kuti aone ngati ndabereka munthu. Bolodi kukhwapa, mphepo ikuikankha ngati chitseko, phazi long'ambika, sitinamalize mtundawo. Mlimi wina wa mbatatesi anatinyamula pa bakkie yake chakumapeto.

Pa gombe lina lopanda munthu panjirapo ndinaloŵa m'madzi ndekha, mnzanga akundiyang'anira pamwamba pa mulu wa mchenga, ndipo m'pamene kachigamba ka pabondo kanagonja. Ndinamva ngati wina wandibaya ndi singano yozizira, kenako mwendo wonse wamanzere unadzaza. Kabowo kosaloŵa ngakhale chala chaching'ono, koma m'madzi a madigiri 12 kanandichotsera theka la nthawi imene ndikanakhalamo. Nditatuluka ndinanjenjemera kwa nthawi yaitali, mano akugundana, tiyi akutayikira m'manja. Kunjenjemera kumeneku kumakula ukatuluka, osati uli m'madzi, ndipo ndi bwino kuvula msanga, kudzipukuta n'kuvala zouma ndi chipewa, osati kukhala padzuwa ndi chovala chonyowa mphepo ikukupemerera.

Ku Lambert's Bay, tauni ya asodzi yokulirapo yomwe ili ndi kachilumba kodzaza mbalame zoyera za mitu yachikasu, ndinapeza kachubu ka guluu wakuda wa neoprene. Kukonza kwake n'kofanana ndi kumata chubu cha njinga, ntchito imene mwana aliyense wa ku Salima amaidziwa. Pamafunika pouma ndi poyera, ndiye ndinachita kuumitsa bondolo ndi thaulo ndi kuliika padzuwa kanthawi kochepa. Umapaka mbali zonse ziwiri za chong'ambikacho, kudikira kuti guluu asiye kunyezimira, kupakanso kachiŵiri, kenako kukanikiza pamodzi ndi zala n'kusiya usiku wonse. Ndinachita zimenezi m'tenti ndi tochi ya foni pakamwa. Chagwira mpaka lero. Pomata paja ndinaonanso kuti msoko wa kukhwapa lamanja wayamba kuyasama, ndinaupakanso. Pamenepo ndinadziimba mlandu ndekha, chifukwa m'sitolo muja ndinangoyang'ana kunja. Chovala cha kaunjika chotere umayenera kuchitembenuza, kukoka msoko uliwonse pang'onopang'ono ukuyang'ana kuwala, makamaka kukhwapa, pakati pa miyendo ndi pozungulira zipi, ndi kutsina labala kuti umve ngati akubwerera msanga kapena wauma ngati chikopa cha ng'oma. Ukapeza timing'alu tambirimbiri pamapewa, dziwa kuti mwini wake ankayanika padzuwa, isiye.

Kodi ndingalangize munthu kugula yotere? Ngati ndinu wa Muizenberg basi, wa Lolemba ngati ine kale, ya 3/2 kapena ya hayala ikukwanirani miyezi yotentha, musawononge ndalama. Ngati mukufuna gombe la kumadzulo ndipo muli ndi galimoto ndi nyumba yogona yokhala ndi shawa yotentha, 4/3 ya kaunjika yokugwirani bwino ndi malonda abwino kwambiri, chifukwa kuchedwa kuuma sikukupwetekani kwenikweni. Koma kwa ife a tenti ndi chikwama, amene chovala chimodzi chomwecho tiyenera kuchivala m'maŵa ndi madzulo kwa sabata, ndikanakhala ndi ndalama ndikanalipirira ya ubweya wouma msanga, ngakhale ikanakhala yopyapyala pang'ono. Ndilibe, choncho ndipitiriza ndi jumbo ndi madzi a pa kasitovu. Pa nyenyezi zisanu ndiipatsa zinayi ili m'madzi, ziwiri ili kumtunda. Sitoloyo ndilibe nayo mlandu. Bamboyo anandisankhira saizi yoyenera pamene ine ndinkafuna yolakwika, anandiuza za mabuti, ndipo kachigamba kaja sanakabise, anachita kundilozera ndi chala.

Nditabwerera ndinatumizira amayi chithunzi pa WhatsApp, ndili chiimire pamchenga ndi bolodi, wakuda kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo. Anandiimbira pomwepo. “Iwe, chimenecho ndi chiyani wavalacho, wayamba Gule kumeneko?” Ndinafotokoza kuti madzi ake ndi ozizira ngati a mufiliji. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati m'madzimo ndimagwiramo nsomba. Nditati ayi, anati ndiye ukufunamo chiyani, n'kupereka foni kwa mlongo wanga. Mwezi wotsatira nditalandira malipiro ndinakwera sitima ya ku Muizenberg kukatenga mabuti aja. Anali atakwera kufika ma rand 500, ndipo bamboyo anayang'ana chidendene changa kaye asanayang'ane nkhope.